Makomo a rauta yanu: anawatsegula ndani?

Anzanga, nkhani yanga sabata ino ndi ya kabokosi kaja ka timagetsi tophethira, kamene ena amati rauta, ena amati MiFi. Ndikudziwa kuti ambiri a ife kwathu kulibe rauta, intaneti timaigwira pa foni ya achimwene basi. Komabe musadutse. Rauta ili pa golosale ya amalume, ili ku ofesi ya tchalitchi, ili pa malo otchajitsa mafoni pa msika. Ndipo ikayamba kuvuta, amene amaitanidwa ndi ife, eti poti ana a sukulu ndiye odziwa za mafoni. Ndi bwino tikaitanidwa choncho tizidziwa chimene tikuyang'ana, osangozimitsa ndi kuyatsanso.

Mfundo yanga ndi imodzi. Rauta ili ndi makomo, ndipo khomo lililonse lotsegula liyenera kukhala ndi munthu wodziwa chifukwa chimene linatsegulidwira. Ngati palibe akudziwa, litsekedwe. Makomo amenewa amatseguka m'njira ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba ndi port forwarding, pamene munthu watsegula yekha mwadala. Yachiwiri ndi UPnP, pamene zipangizo za m'nyumba zimatsegula zokha popanda kufunsa aliyense. Ndifotokoza zonse ziwiri, kenako ndikuonetsani mmene mungayang'anire.

Adilesi imodzi, anthu ambiri

Taganizirani za bokosi la makalata la sukulu ku positi ofesi. Bokosi ndi limodzi, koma mumadzera makalata a aphunzitsi, a ophunzira, ngakhale a anthu a m'midzi yozungulira. Wa positi sadziwa kuti uje ali Fomu 2 kapena Fomu 4. Iye amangoponya m'bokosi, ndipo amene amagawa makalatawo ndi a ku ofesi ya sukulu.

Rauta imagwira ntchito ya ku ofesi ija. Kunja, pa intaneti, nyumba yonse imaoneka ndi adilesi imodzi ya IP. M'kati, foni iliyonse, laputopu, TV kapena kamera imapatsidwa adilesi yakeyake, imene nthawi zambiri imayamba ndi 192.168. Maadilesi a m'katiwa amabwerezedwa m'nyumba mamiliyoni pa dziko lonse, monga mmene sukulu iliyonse ilili ndi Fomu 2 yake. Ukalemba pa envulopu kuti "Fomu 2" basi, kalatayo sipita kulikonse. Anakonza chonchi chifukwa maadilesi a mtundu wa IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni okha, ochepa kuposa anthu a pa dziko lapansi, osanenanso za zipangizo zawo. Njira yogawana adilesi imodziyi imatchedwa NAT.

Tsopano apa ndiye pofunika kumvetsa. Foni yanu ikapempha kanema ku YouTube, rauta imalemba m'kaundula wake kuti foni yakuti yapempha chakuti. Yankho likabwera, rauta imayang'ana m'kaundulamo n'kulipereka kwa mwini wake. Koma kukabwera uthenga wochokera kunja umene palibe anaupempha, rauta sidziwa woti imupatse, ndiye imangoutaya. Kutaya kumeneku n'kumene kumatiteteza. Munthu wakunja sangangolowa mu laputopu yanu, chifukwa akagogoda palibe womuyankha.

Nanga port n'chiyani? Adilesi imakufikitsa pa nyumba, koma nyumbayo ili ndi makomo ambiri, ndipo khomo lililonse lili ndi nambala, kuyambira 0 mpaka 65535. Nambala imeneyi ndiyo port. Ntchito zina zili ndi makomo ake odziwika. Masamba a pa intaneti amadzera pa 80 ndi 443. Kulamula makina uli kutali kumadzera pa 22, kapena pa 23 ngati ndi njira yakale ya Telnet imene siibisa n'komwe pasiwedi. Makamera ambiri a chitetezo amatumiza zithunzi pa 554. Kugwiritsa ntchito kompyuta ya Windows uli kwina kumadzera pa 3389. Manambala amenewa muwasunge, mukumana nawo kutsogoloku.

Khomo lotsegula mwadala

Port forwarding ndi kuuza rauta kuti: uthenga uliwonse wofika pa khomo nambala yakuti, usafunse kuti anaupempha ndani, ungoupereka kwa chipangizo chakuti. Mwachitsanzo, zonse zofika pa 554 zizipita ku kamera imene ili pa 192.168.1.20.

Anthu amachita zimenezi pa zifukwa zomveka. Mwini golosale akufuna aziona kamera ya m'sitolo mwake ali ku Lilongwe kokaoda katundu. Wina akufuna anzake azilowa mu sewero la Minecraft limene waliika pa kompyuta yake, ndiye amatsegula 25565. Wina akufuna azitsegula mafayilo a ku ofesi ali kunyumba. Palibe cholakwa pamenepa.

Vuto ndi lakuti rauta sidziwa nkhope. Khomo limene latsegulidwira amalume latsegulidwiranso aliyense amene angalipeze. Mwina mukuti, "Aaa, ndani angapeze kagolosale ka kumudzi kuno?" Anzanga, si munthu amene amayenda kufunafuna ayi. Ndi makompyuta amene amagogoda pa maadilesi onse motsatana, usana ndi usiku, osatopa. Sasamala kuti adilesiyo ndi ya banki kapena ya okazinga chipisi. Pali ngakhale tsamba lotchedwa Shodan, limene linayamba mu 2009, ndipo ntchito yake ndi kusonkhanitsa mndandanda wa zipangizo zimene zikuyankha pa intaneti: makamera, marauta, maprinta ndi zina.

Zitsanzo zilipo. Mu 2014 kunamveka za tsamba lotchedwa Insecam, limene linkaonetsa zithunzi zochokera ku makamera pafupifupi 73,000 a m'mayiko osiyanasiyana. Eni tsambalo sanathyole chilichonse. Eni makamerawo anangosiya pasiwedi imene kamera inabwera nayo kuchokera ku fakitale. Anthu ankaonedwa ali m'zipinda zawo, m'masitolo mwawo, iwo osadziwa.

Mu 2016 kunabwera pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai. Inkagogoda pa khomo la Telnet la makamera ndi marauta, n'kumayesa maina ndi mapasiwedi a ku fakitale pafupifupi 60 okha, monga admin ndi admin. Ndi mapasiwedi ochepawo inagwira zipangizo mazanamazana a masauzande. Pa 21 Okutobala 2016 zipangizo zogwidwazo zinalamulidwa kuthira mauthenga nthawi imodzi pa kampani ya Dyn ku America, mpaka anthu ambiri analephera kutsegula Twitter, Netflix ndi masamba ena akuluakulu. Kumapeto kwa chaka chomwecho, mtundu wina wa Mirai unagwiritsidwa ntchito kusokoneza kampani ya mafoni ya Lonestar ku Liberia, mu Africa momwe muno. Eni makamerawo sankadziwa kuti katundu wawo akugwirira ntchito mbava. Kamera inkaonetsa zithunzi bwinobwino, timagetsi tikuphethira monga mwa masiku onse. Paja akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma.

Kwa ife amene timagula bandulo yowerengeka, nkhaniyi imafika m'thumba. Chipangizo chogwidwa chimatumiza mauthenga pa data yanu. Bandulo ikutha msanga, netiweki ikukwawa, m'nyumba mukulozana zala kuti wina akuonera makanema usiku, chonsecho wakudya data ndi kamera ya pakhonde.

Khomo lodzitsegula lokha

UPnP ndi chidule cha Universal Plug and Play, ndipo inayamba mu 1999. Cholinga chake chinali chabwino: munthu ukagula chipangizo, ungochilumikiza n'kuyamba kugwiritsa ntchito, osavutika ndi manambala. Imagwira ntchito ziwiri, ndipo ndi bwino tizisiyanitse.

Ntchito yoyamba ndi kuzindikirana. Chipangizo chikangolowa pa Wi-Fi, chimafuula kwa onse a m'nyumbamo kuti, "Ndafika, ndine TV, ndimatha kuonetsa makanema." China chimafunsa kuti, "Kodi muno muli printa?" ndipo printa imayankha. Kufuulaku kumadzera pa port 1900. N'chifukwa chake nthawi zina mumaona dzina la TV likutulukira lokha pa foni yanu. Palinso njira ina yozindikirana yotchedwa mDNS, imene a Apple amaitchula Bonjour, yodzera pa 5353. Malinga ngati kufuulaku kukuthera m'nyumba momwemo, si nkhani yoopsa kwenikweni. Ingokumbukirani kuti aliyense amene mwamupatsa pasiwedi ya Wi-Fi amamva nawo zonsezi, ndipo amadziwa katundu yense amene ali pa netiweki yanu.

Ntchito yachiwiri ndi imene imandidetsa nkhawa. Chipangizo chimatha kuuza rauta kuti, "Nditsegulire khomo lakuti," ndipo rauta imatsegula. Sifunsa pasiwedi, siuza mwini nyumba. Ili ngati mlonda amene aliyense wa m'kati mwa mpanda, kaya ndi mwana, kaya ndi mlendo wongofika dzulo, akamuuza kuti tsegula geti la kuseri, iye amangoti chabwino bwana. PlayStation ndi Xbox zimachita zimenezi kuti masewero a pa intaneti aziyenda bwino. Mapulogalamu okopera mafilimu pa torrent amachitanso. Makamera ena amachita. Koma vairasi imene yalowa mu laputopu kudzera pa fulashi ingathenso kupempha chimodzimodzi, ndipo rauta singasiyanitse.

Palinso vuto lachiwiri. UPnP inayenera kumamvera a m'kati okha, koma marauta ena anapangidwa molakwika moti amamveranso a kunja. Mu Januwale 2013 kampani ya za chitetezo ya Rapid7 inalengeza kuti maadilesi opitirira 80 miliyoni anayankha mafunso a UPnP ochokera pa intaneti. Pamenepo ndiye kuti mlonda uja akulandira malamulo ngakhale kwa odutsa mumsewu.

Mmene mungayang'anire

Choyamba, pemphani chilolezo kwa mwini rauta. Muwauze chimene mukufuna kuona, ndipo ngati n'kotheka akhale pomwepo. Tengani kope ndi cholembera, chifukwa chilichonse chimene mwachipeza muyenera kuchilemba musanachisinthe. Mukalakwitsa, kopelo ndi limene lingakubwezereni pamene munali.

Chachiwiri, pezani adilesi ya rauta. Nthawi zambiri imalembedwa pa kapepala komata kunsi kwake, kapena m'kati mwa chivundikiro cha batire ngati ndi MiFi. Kawirikawiri imakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo ma MiFi ambiri a Huawei amagwiritsa ntchito 192.168.8.1. Pa foni, lowani pa Wi-Fi imene mwalumikizayo, onani tsatanetsatane wake, mupeza pamene palembedwa Gateway kapena Router. Pa Windows, tsegulani Command Prompt, lembani ipconfig, onani mzere wa Default Gateway. Nambala imeneyo ilembeni mu Chrome, pamwamba paja timalemba dzina la tsamba.

Chachitatu, lowani. Ikufunsani dzina ndi pasiwedi. Pasiwedi imeneyi ndi yolamulira rauta, si ya Wi-Fi ija timapatsana ndi anzathu. Ngati mwalowa ndi admin ndi admin, ntchito yanu yoyamba ndi kuisintha pomwepo. Ikhale yaitali, isakhale dzina la mwana kapena chaka chobadwa, ndipo mwini rauta ailembe pamalo pobisika.

Chachinayi, werengani alendo. Fufuzani tsamba lolembedwa Connected Devices, Client List kapena DHCP Clients. Pamenepo pali mndandanda wa zipangizo zonse zimene zili pa netiweki. Werengani mafoni, ma TV ndi makompyuta a m'nyumbamo, muyerekeze. Ngati m'nyumba muli zipangizo zisanu koma mndandanda ukuonetsa zisanu ndi zitatu, sinthani pasiwedi ya Wi-Fi. Dzina lina likakhala losamveka, zimitsani Wi-Fi pa zipangizo zanu chimodzichimodzi muone limene likuchoka pa mndandanda.

Chachisanu, pitani pa port forwarding. Marauta amatchula mosiyanasiyana: ena Port Forwarding, ena Virtual Server, ena Port Mapping, ndipo nthawi zambiri imabisala pansi pa Advanced, NAT kapena Security. Ngati palibe mzere uliwonse, zili bwino. Ngati ilipo, pa mzere uliwonse funsani mafunso atatu. Khomo limeneli likupita ku chipangizo chiti? Analitsegula ndani, ndipo chifukwa chiyani? Kodi chifukwacho chikadalipo lero? Nthawi zambiri mupeza kuti amene anabwera kudzaika kamera zaka ziwiri zapitazo anatsegula makomo angapo, kamerayo inafa kalekale, koma makomo akadali pululu. Ndipo adilesi ya kamera yakufayo rauta ingathe kuipatsa chipangizo china. Mzere wopanda mwini uchotseni. Mukaona 23 kapena 3389 zili zotsegukira kunja, muuze mwini wake kuti makomo amenewo ndi amene mbava zimayamba kugogoda.

Pafupi pomwepo yang'anani mawu awiri. Oyamba ndi DMZ. Imeneyi imatenga uthenga uliwonse wochokera kunja, pa makomo onse, n'kuupereka kwa chipangizo chimodzi. Kumeneko si kutsegula khomo, ndi kugwetsa khoma. Izimitseni. Achiwiri ndi Remote Management, imene imalola munthu kulowa m'tsamba lolamulira rauta ali kunja. Ngati palibe amene amaigwiritsa ntchito, nayonso izime.

Chachisanu ndi chimodzi, pezani tsamba la UPnP. Marauta ambiri amaonetsa pamenepo makomo amene zipangizo zadzitsegulira zokha, pamodzi ndi adilesi ya chipangizo chimene chinapempha. Lembani zonse. Malangizo anga ndi akuti muizimitse, kenako muzimitse rauta ndi kuiyatsanso kuti makomo akalewo afufutike. Musaope kuti WhatsApp, Facebook kapena YouTube zisiya. Zimenezi zimayamba ndi pempho lochokera m'kati, ndiye mayankho ake amalowa monga kale. Kawirikawiri TV ndi printa zimapitirizanso kuoneka pa foni, chifukwa zimafuulirana zokha m'nyumbamo. Amene angadandaule ndi wa PlayStation. Ngati zatero, mutsegulireni pamanja makomo okhawo amene sewerolo likufuna, n'kuwalemba m'kope. Khomo lolembedwa m'kope lili ndi mwini wake.

Kuyesa muli kunja

Munthu sungadziwe mmene nyumba yako ikuonekera kumsewu uli chikhalire pabalaza. N'chimodzimodzi ndi rauta. Mukayesa khomo muli pa Wi-Fi yomweyo, mungathe kunamizidwa, chifukwa inu muli kale m'kati mwa mpanda. Pafunika wina agogode kuchokera kunja.

Pali masamba ochita zimenezi mwaulere. Lodziwika kwambiri ndi ShieldsUP, la Steve Gibson. Mumalitsegula muli pa netiweki imene mukuyesayo, ndipo kompyuta yawo imagogoda pa adilesi yanu kuchokera kunja. Pa khomo lililonse imakupatsani limodzi mwa mayankho atatu. Open ndiye kuti pali chimene chayankha, khomo ndi lotsegula. Closed ndiye kuti rauta yayankha kuti pano palibe zolowa. Stealth ndiye kuti sipanamveke yankho lililonse, zii. Tsamba lomwelo lili ndi batani loyesera ngati UPnP ya rauta yanu ikuyankha anthu akunja. Ikayankha, izimitseni msanga, ndipo muyang'ane ngati pali firmware yatsopano ya rautayo.

Chenjezo limodzi: poyesa, chipangizo chimene khomo likupitako chikhale choyaka. Kamera ikakhala yozima, khomo lake silioneka lotsegula ngakhale lamulo lija likadali mu rauta. Mawa kamera ikayaka, khomo latsegukanso.

Za ife a SIM kadi

Tsopano nkhani yokhudza ambiri a ife amene intaneti yathu imachokera pa SIM kadi ya mu MiFi. Makampani ambiri a mafoni sapatsa kasitomala aliyense adilesi yakeyake ya kunja. Amaika anthu ambirimbiri kuseri kwa adilesi imodzi, ndiye kuti pamwamba pa mpanda wanu pali mpanda winanso wa kampani. Zimenezi zimatchedwa CGNAT.

Kudziwa kwake n'kosavuta. Pa tsamba loyamba la rauta onani pamene palembedwa WAN IP. Kenako lembani mu Google kuti what is my IP, muyerekeze manambala awiriwo. Akafanana, muli ndi adilesi yanuyanu ya kunja. Akasiyana, makamaka ngati ya mu rauta ikuyamba ndi 10, kapena ili pakati pa 100.64 ndi 100.127, ndiye kuti muli kuseri kwa mpanda wa kampani.

Zikakhala choncho, dziwani zinthu ziwiri. Port forwarding siigwira, ngakhale mulembe manambala onse molondola, chifukwa geti lakunja si lanu. Izi zingapulumutse amalume kuti asalipire munthu wodzakonza chinthu chosakonzeka. Komanso zotsatira za ShieldsUP zikhala zikunena za geti la kampani, osati za rauta yanu.

Koma musati ndiye basi, tapulumuka. Mpanda wa kampani sukutetezani kwa munthu amene ali kale pa Wi-Fi yanu. Ngati pasiwedi yolamulira ikadali admin, mnyamata aliyense amene munamupatsa Wi-Fi angathe kulowa n'kusintha chilichonse. Makamera ambiri a masiku ano safunanso khomo lotsegula: amatuluka okha kukalumikizana ndi kompyuta ya kampani imene inawapanga, ndipo inu mumawaonera pa app. Pamenepo chitetezo chanu chonse chagona pa pasiwedi ya app imeneyo. Ndiponso tsiku limene rautayo idzalumikizidwe ku intaneti ya mtundu wina, malamulo onse akale amene anali m'tulo adzadzuka.

Malire ake

Zonse ndalembazi ndi za rauta ya kwanu, kapena ya munthu amene wakupemphani yekha. Kulowa mu rauta ya aneba chifukwa mwaganizira pasiwedi yawo, kapena kugogoda pa makomo a netiweki ya ofesi ina kuti muone ngati atseguke, si masewera. Dziko lathu lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo kulowa mu kompyuta kapena netiweki ya wina popanda chilolezo ndi mlandu. Mukaona kuti ya aneba ili pululu, auzeni mwaulemu, muwathandize kutseka iwo ali pomwepo.

Ntchito yonseyi siitenga mphindi 30. Ichiteni kamodzi pa teremu, komanso nthawi iliyonse imene m'nyumba mwalowa chipangizo chatsopano kapena mwabwera munthu wokonza. Kope lija lisungidwe pafupi ndi rauta, kuti wobwera pambuyo panu adziwe khomo lililonse ndi chifukwa chake.

Marauta amasiyana, ndiye mawu a pa yanu mwina sangafanane ndendende ndi amene ndalemba pano. Mukakakamira penapake, koperani mawu onse a pa tsambalo, kupatula pasiwedi, mubwere nawo pa buleki tidzaonere limodzi. Safunsa anadya phula. Ndipo chonde, amene mukufuna masitepewa koperani m'kope mwanu, musang'ambe pepalali pa bolodi, anzanu a Fomu 1 sanawerenge.